Mbewa za Khutu Lakumanja

Amene mukali ndi mbale m'manja yambani mwatsiriza, musambe, chifukwa nkhani iyi siyendera limodzi ndi chakudya. Ndipo inu okonda mbewa za pampani, musadzanene kuti sindinakuchenjezeni.

Kunja kwa tauni, kumene tala amathera n'kuyamba fumbi, kunali malo ena ofufuzirako zamankhwala. Kuseri kwake kunali kanyumba kopanda mawindo komwe aliyense ankangoti kumbewa. M'menemo munali mbewa zoyera mbuu, zamaso ofiira, zobwera pandege, zogona pa utuchi ndi kumwa madzi a m'botolo ngati ana a bwana. Mbewazo ankazilowetsa m'chipinda cha zipupa zochindikala n'kuziwomba ndi cheza choopsa chija amatenthera nacho khansa. Chezacho sichioneka, sichinunkha, koma chimapsereza m'kati: matumbo, magazi, mafuta a m'mafupa. Tsono a Dokotala Msowoya, mayi amene ankayang'anira malowo, ankayesa mankhwala oteteza thupi ku chezacho, kuti mwina tsiku lina odwala khansa asamazunzike kwambiri potenthedwa.

Wobaya mbewazo jakisoni anali aNamwale, mayi wamasiye wa m'mudzi wapafupi, waukhondo mpaka kukwiyitsa anzake. Mbewa sankadya ndi pang'ono pomwe. Akangoona mpani pamsewu ankatembenuka n'kulavula. Koma ntchito ndi ntchito. M'mawa uliwonse ankavala magolovesi, n'kupisa dzanja m'bokosi, n'kutola mbewa chakumchira. Ina ankaibaya mankhwala aja, achikasu, onunkha ngati dzira losukusa, n'kuiboola khutu lakumanzere ndi kachitsulo konga kapani. Ina ankaibaya madzi amchere chabe, kuti adokotala akhale ndi pofanizira, n'kuiboola khutu lakumanja. Panalibe lamulo loti iyi ipite uku, iyo ipite uko. Limene linkasankha linali dzanja la aNamwale basi.

Zikatuluka m'chipinda cha cheza, zakumanzere zambiri zinkapulumuka. Zakumanja ndiye zinkachititsa nseru. Masiku oyamba zinkadya bwino, kuthamanga, kukwera mawaya, moti mlendo akanati palibe chachitika. Kenaka ubweya unkayamba kuthothoka, pakamwa zilonda, kumchira magazi, zonse n'kuunjikana pangodya, zili njenjenje, mpaka kufa. Tsiku lina aNamwale anafunsa ngati sangazibaye mankhwala zikayamba kudwala.

"Ayi, aNamwale," anayankha adokotala. "Mankhwala awa ndi otsogola. Cheza chikalowa kale, ngakhale muzimwetse botolo lonse, n'chimodzimodzi madzi."

Zakufa zonse zinkapita kung'anjo, zakumanzere m'ndowa yofiira, zakumanja m'ndowa yobiriwira. Lamulo linali loti wobweretsa ndowa aimirire pomwepo mpaka aone ndi maso ake kuti zonse zasanduka phulusa. Apa ndi pamene panagona nkhani. Wotentha kung'anjoko anali Fanuwelo, mkamwini wa aNamwale, mwamuna wa mwana wawo mmodzi yekhayo, Ndaziona. Ntchitoyo anamupezera okha atatopa ndi kumuona akuwothera dzuwa pakhonde. Ndiye inu mukudziwa, mpongozi ndi mkamwini saima pamodzi ngati anthu odikira basi. Sayang'anana m'maso, sadyera mbale imodzi, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Adokotala, pokhala anakulira kwina, sanaganizeko zimenezo. Choncho aNamwale ankafika pakhomo pa ng'anjo, kutula ndowa, kutsokomola kamodzi, n'kutembenuka. Kuseri kwa chipupa kunkamveka kuwomba m'manja mwaulemu, "Zikomo amayi," basi iwo ulendo. Moto wake sanauonepo.

Chaka chimenecho Ndaziona anali woyembekezera. Anali atapita padera kawiri konse, ndipo aNamwale ankamusamala ngati dzira: asasenze mtsuko, asasinje, asamve nkhani zoopsa. Mdzukulu ameneyu ndiye anali zonse zimene ankapempha kwa Mulungu. Koma mimbayo inabwera ndi nkhuli yake. Nkhuku ayi, usipa ayi, nyama yambuzi ankachita kuithawa. Ankafuna mbewa. Nayo nyengo inali yadzinja, chimanga chili m'mawondo, nthawi imene palibe amakumba mbewa ngakhale kutchera misampha. Ndaziona analira, anaonda, kenaka mwadzidzidzi analeka kulira n'kuyamba kunenepa.

Choyamba chimene aNamwale anazindikira chinali utsi. Kale ng'anjo ikayaka, fungo la ubweya wopsa linkafika mpaka kumsewu. Tsopano masiku ena utsi unkatuluka woyera, wonunkha makatoni okhaokha. Fungo la ubweya lija anakalipeza kumudzi, madzulo, likuchokera kukhitchini kwa mwana wawo. Anadziuza kuti mwina akuwaula nkhunda.

Kenaka kunabwera kaphokoso. Mabotolo a kumbewa ali ndi kampira kachitsulo kukamwa kwake, ndipo mbewa ikamanyambita kamalira kuti tiki, tiki, tiki. ANamwale anali atakamva zaka zambiri moti sankakamvanso. Koma tsiku lina m'bandakucha, ali chigonere m'nyumba mwawo, anakamva kakuchokera pamtsuko wa madzi akumwa. Anayatsa tochi, anavundukula mtsuko, anapeza madzi ali phee. Atangobwerera pamphasa kanayambiranso, ulendo uno kunja, kakusendera pang'onopang'ono cha kunyumba ya Ndaziona.

M'mawa mwake anapeza mwana wawo akusesa pakhomo, akudandaula.

"Amayi, chiswe chake n'chotani ichi? Tsiku ndi tsiku utuchi pansi pa mphasa yanga. Denga ndayang'ana, mitengo ndi yabwinobwino."

ANamwale anatapa pang'ono n'kununkhiza. Sunali ufumbe wa chiswe. Unali utuchi woyera, wopalapala, wonunkha mkodzo wa mbewa, womwewo umene ankayala m'mabokosi kuntchito. Anapukuta dzanja pachitenje, napukutanso, koma fungolo silinachoke mpaka madzulo.

Sabata yomweyo kachitsulo koboolera makutu kanasowa. Anafunafuna m'madirowa, m'matumba, mpaka m'bini. Adokotala anawapatsa kena. Lamulungu lake, Ndaziona akuyanika zofunda, kachitsulo kaja kanagwa kuchokera m'bulangete lake.

"Aka n'kachiyani, amayi? Kodulira zikhadabo?"

"Bweretsa kuno," anatero aNamwale, mawu ali gwagwagwa. "Usamagwire zinthu zosazidziwa."

Mtima unali utawauza kale, koma munthu akafuna kusadziwa, sadziwa ndithu. Chimene chinawatsegula maso ndi ulemu wa mkamwini yemweyo. Madzulo ena Ndaziona anabwera ndi kambale kovundikira, nagwada pakhomo.

"Akamwini anu akuti nanunso mulaweko. Akuti si bwino kumadya tokha ngati tilibe kholo. Ndawauza kuti simudya, koma akuti izi n'zina, n'zonona."

ANamwale anavundukula. Munali mbewa zowaula bwino, zakuda bii, zofutsa ndi mchere, mano ali pamtunda. Mbewa ikawaulidwa, yoyera ndi yakutchire n'chimodzimodzi. Koma moto sutseka chiboo. M'mphepete mwa khutu la imene inali pamwamba munali kabowo kozungulira, kopendekeka pang'ono, monga mmene dzanja lawo linkabooleramo nthawi zonse. Sanaone n'komwe kuti ndi khutu liti. Anakankha mbale, nathamangira kuseri kwa nkhokwe, nasanza mpaka kutuluka ndulu. Ankangoona zija zothothoka ubweya, zazilonda, zamagazi kumchira, zimene iwo ankazitola ndi magolovesi awiri atagwira mpweya. Mwana wawo ankazitafuna ndi mafupa omwe, n'kumanyambita zala!

"Mwatani, amayi?"

"Palibe. Iwe, leka kudya mbewa. Wamva? Leka."

Ndaziona anaseka. "Inu ndiye kudana ndi mbewa! Mwanayu akuzifuna, amayi. Ndikangodya amavina m'mimba usiku wonse."

Tsono apa weruzani nokha. Kumuuza Ndaziona chilungamo, ankaopa kuti mantha angachotse mimba ngati ziwiri zija. Kuwauza adokotala, ndiye kuti ntchito yathera pomwepo, ya Fanuwelo ndi yawo yomwe, mwana ali panjira. Kumuitana Fanuwelo n'kumufunsa maso ndi maso, lilime linkakana, chifukwa chibadwire sanamvepo mpongozi akukalipira mkamwini ngati mwana wake. Zotere zimadzera kwa ankhoswe. Anatumiza mawu kwa mlongo wawo Yotamu, nkhoswe ya banjalo, amene anali kuesiteti ya fodya. Yotamu anayankha kuti abwera akatha kuthyola. Ine zimenezi zimandinyansa kuposa mbewazo, kunena zoona. Akulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna, ndipo aNamwale mwambiwo ankaudziwa bwino lomwe.

Chimene anakwanitsa n'chakuti kuyambira tsiku limenelo ankathira palafini m'ndowa zonse ziwiri asanazitule pakhomo pa ng'anjo. Kuseri kwa chipupa kunamveka kuwomba m'manja monga kale, koma "Zikomo amayi" wake anatuluka mochedwa. Utsi unayambiranso kununkha ubweya. Ndipo anawafunsa adokotala mozungulira, ngati nkhani yongocheza.

"Kodi galu atadya mbewa zathuzi, angafe?"

"Cheza sichitsalira m'nyama," anatero adokotala, maso ali pamakina oonera tizilombo. "Chimawononga n'kudutsa. Zobaya madzi zija n'zonyansa chabe, matenda a m'matumbo mwina. Koma zamankhwala zija sindingayerekeze, sitikudziwa zimene angachite. Bwanji, kwalowa galu?"

"Ayi, ndimangofunsa."

Tsiku limenelo anaweruka mtima utatsikako. Njira yonse ankapemphera kuti zimene anadya mwana wawo zikhale za m'ndowa yobiriwira.

Dzuwa linali litangolowa, kamvula kakuwaza. Pamphambano pomwe njira ya kumudzi imasiyana ndi msewu panaima munthu atanyamula mpani. ANamwale anadabwa, chifukwa pamenepo sipaima galimoto, ndipo ogulitsa mbewa sayamba chimanga chisanaume. Munthuyo anali atafunda chinsalu choyera kuyambira kumutu. Sanadziwe ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Dzanja logwira mpani linali lotuwa, lopanda ndi katsitsi komwe, lili ndi timabala. Atayandikira anamva fungo la utuchi wonyowa.

"Mbewa, mayi."

"Sindidya."

"Tikudziwa. Inu mumangosankha."

ANamwale anafuna kudutsa, koma munthuyo anawatambasulira mpani uja pafupi ndi nkhope. Mbewa zake zinali zosawaula, zoyera, zonyowa ndi mvula, ndipo zonse zinali zitatembenuzira mutu mbali imodzi, makutu oboola ali poyera.

"Akumanzere alibe mawu," anatero munthuyo, mawu ake ang'onoang'ono ngati a anthu ambiri olankhulira pamodzi chapansipansi. "Iwo munawapatsa mankhwala. Ife munatipatsa madzi. Tinati chabwino, moto utipumitsa. Moto womwewo munatimana, mwatiika m'mimba mwa munthu. Tsono ife tikatulukira kuti, mayi?"

ANamwale anathamanga, mayi wamkulu ndithu, patapata mmodzi n'kutsalira m'matope. Atacheuka pamtunda anaona pamphambano pali mbee, koma kaphokoso kaja, tiki, tiki, tiki, kanawaperekeza m'chimanga mpaka pakhomo.

Kuyambira pamenepo zonse zinaleka. Utuchi sunaonekenso, mtsuko unakhala chete, ndipo Ndaziona mwiniwake anati nkhuli ya mbewa yatha, akangoziganiza akumva nseru. Yotamu anabwera fodya atatha, namva nkhaniyo mwachidule, napukusa mutu, nati poti zinasiyika, kuzifukula n'kuputa mavu. ANamwale anavomera. Koma chete ameneyo sankawasangalatsa. Kumbewa ankadziwa kuti bokosi likakhala chete sindiye kuti muli mtendere. Pobaya jakisoni, akatola mbewa yoti ipite kumanja ankaibweza, kutola ina, kuibwezanso, mpaka adokotala anawafunsa ngati akudwala malungo.

Ndaziona anachira masana, chimanga chili m'nkhokwe, pachipatala chaching'ono cha m'deralo. Mwana wamwamuna, wonenepa, wa tsitsi lambiri lakuda, wolira mokweza moti amayi a panja anaseka. ANamwale anamulandira m'manja misozi ili chuchuchu. Anawerenga zala zam'manja, zakumapazi, anayang'ana kumsana, ngakhale kumene kumamera mchira anapasisita, Mulungu awakhululukire. Zonse zinali bwino. Maso akuda, khungu la munthu. Anayamba kuimba kanyimbo ka kutchalitchi chapansipansi.

"Mwana wabwino zedi," anatero namwino akutsuka m'manja. "Kungoti ali ndi kachibadwa pakhutu. Musadandaule, sikapweteka. Mwina kumtundu kwanu aliko wotero?"

ANamwale anatembenuza kamutu kaja pang'onopang'ono. Khutu lakumanzere linali losalala. Anatembenuzira mbali inayo. M'mphepete mwa khutu lakumanja munali kabowo kozungulira, kopola bwinobwino ngati kakalekale, kopendekeka pang'ono. Akanakazindikira ngakhale pakati pa mabowo chikwi, chifukwa inali ntchito ya dzanja lawo.

Anamubwezera mwana kwa mayi wake, natuluka. Fanuwelo anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, chipewa chili pabondo, akumwetulira yekha. Ataona apongozi ake akubwera anadzuka msanga kuti apatuke monga mwa masiku onse.

"Khalani pomwepo."

Fanuwelo anaima ngati wamenyedwa mbama. ANamwale anafika pafupi, pafupi kwambiri, namuyang'ana m'maso. Zaka zonsezo anali asanadziwe kuti mkamwini wawo ali ndi chipsera pachikope.

"Mbewa zija munkapatsa mwana wanga. Munkatenga m'ndowa iti?"

"Amayi, ine..."

"Sindikufuna ankhoswe, sindikufuna zikomo. Ndowa iti?"

Fanuwelo anagwada m'fumbi, chipewa chili m'manja. "Pepani amayi. Ankalira usiku wonse, osadya, ine ndinaopa kuti mimba ichokanso. Koma ndinkasamala, amayi, Mulungu ndi mboni. Za m'ndowa yofiira sindinatengepo ndi imodzi yomwe. Zija zimanunkha mankhwala, ndinkazitentha zonse. Mkazi wanga ndinkamusankhira zabwino, za m'ndowa yobiriwira, zopanda mankhwala."

Anakweza maso ngati munthu woyembekeza kuyamikiridwa. ANamwale anamva malovu owawa akudzaza m'kamwa. Anafuna kumulavulira, koma anakumbukira amene ankatula ndowazo n'kutembenuka, ndipo anameza.

Mmene ankabwerera m'chipinda muja anali akuganiza za botolo lachikasu la mufiriji ya kumbewa. Kiyi anali naye m'chikwama. Akanatha kupita n'kubwera dzuwa lisanalowe. Koma mawu a adokotala anali m'makutu mwawo ngati anenedwa m'mawa womwewo: mankhwala awa ndi otsogola.

"Amayi, taonani mmene akuyamwira!" anatero Ndaziona, nkhope ili ngwee. "Namwino akuti sanaonepo wakhanda wamphamvu chonchi. Akuchita kukankha ndi miyendo."

"Eya," anatero aNamwale. "Masiku oyamba zimadya bwino."

"Mwati bwanji?"

"Ndati ayamwe, mwanawe. Muleke ayamwe."

Anakhala m'mphepete mwa bedi, natambasula dzanja kuti asisite kamutu ka mdzukulu wawo. Anasisita kamodzi kokha, mofatsa. Atachotsa dzanja, tsitsi lakuda lija linali litatsalira pachikhato. Anafumbata msanga kuti Ndaziona asaone, ndipo pansi pa bedi, pomwe panali botolo la madzi akumwa, panayamba kumveka tiki, tiki, tiki.

Nkhani yanga yathera pamenepo. Amene mbale zanu zikadali ndi ndiwo, vundikirani, mudya mawa.